Malo a Amayi ku Taeluva

Lahti, 3 Juni 2001

Leili,

Moni abwera pambuyo, ndiyambe ndakonza bodza. Amayi sanasochere. Mchimwene wako Endel akuuza anthu pa sitolo ya ku Meremäe kuti apongozi ako mutu wayamba kuwazungulira, ati anapita kukafuna bowa n'kukapezeka ali m'dziko la eni. Nkhaniyi yawoloka nyanja, ndaimva kuno kwa dalaivala wa ku Võru amene amatibweretsera matabwa. Umuuze Endel kuti munthu wokafuna bowa sanyamula nsalu yoyera, mazira owiritsa ndi kabotolo ka kachasu. Linali tsiku la Migula Woyera. Amayi ankapita ku Taeluva kukadya ndi atate pamanda, monga achitira chaka ndi chaka chiwaikireni m'manda. Njira ya m'nkhalango ija anaiyenda ali mkwatibwi, anaiyenda atandinyamula kukabatizidwa, anaiyenda pambuyo pa bokosi la amuna awo. Chimene chinasochera ndi malire, amene anabwera kudzagona pakati pa munda wathu ndi tchalitchi chathu.

Tsopano moni. Ine ndili bwino, kaya iwe ndi mwana wathu Kaja. Miyendo ya amayi yatupa kapena ayi? Sunandiuze. Ntchito ilipo, tikufolera nyumba ya dokotala wa mano m'mphepete mwa nyanja. Bwana wathu ndi Reijo, munthu wosalankhula, ndipo akalankhula ndiye kuti wadulako kena pa malipiro.

Ndinaimbira azakhali a Vera ku Petseri, poti mwa abale a atate atsala tsidya lija ndi iwo okha, ndipo ndi amene asilikali a ku Rasha anawaitana kukachitira umboni. Akuti amayi anafika bwinobwino, anayala nsalu pa mtumbira, anadya, anathira kachasu pang'ono pansi. Asilikali anawagwira pobwerera, akutsika m'ngalande ya pamalire. Msilikali anawafunsa m'Chirasha:

"Agogo, chitupa chili kuti?"

"Chitupa cha chiyani, mwanawe? Ndikuchokera kwa amuna anga."

"Amuna anuwo ali kuti?"

"Agona uko kuseri kwa tchalitchi, iwe usanamere mano. Iweyo ndiye undionetse chako, sindikukudziwa kuno. Ndiwe mwana wa yani?"

Anawasunga mpaka dzuwa kupendeka, anawapatsa tiyi, amayi n'kuwagawira mazira otsala. Kenako anawazungulitsa pa galimoto mpaka ku chipata cha Koidula kumene iwe unakawatenga. Ameneyo ndi munthu wozungulira mutu?

Ndapatsira dalaivala yemweyo ndalama za kuno, mamaka mazana asanu ndi atatu, ndi mapaketi awiri a khofi. Ulipire chindapusa, zotsala ugule mafuta a thirakitala kuti a Heino oyandikana nafe aja adzatitchetchere udzu. Paketi imodzi ndi ya amayi. Endel asalaweko.

Chinanso, ndipo uchisunge. Pambali pa atate pali malo a amayi, mkati mwa mpanda wachitsulo womwewo. Atate anauwotcherera okha mpandawo ku galaja ya famu ya boma, wa anthu awiri, ndipo akumwalira ndinawalonjeza kuti sadzagona okha mpaka kalekale. Tsiku likadzafika amayi adzagona pamenepo. Ndikulemberatu kuti mchimwene wako asayambe kuwayezera dzenje ku manda a mbali yathu ino, ku Obinitsa.

Mwamuna wako,
Vello

Lahti, 15 Julayi 2001

Leili,

Ndikhulupirira muli bwino nonse atatu. Ine ndilipo. Kuno dzuwa silikufuna kulowa, ndipo Reijo akuona ngati limeneli ndi lamulo la Mulungu loti tisaweruke.

Walemba kuti malire ndi malire, munthu amangozolowera. Ndi mmene mumalankhulira inu a kutsidya kwa mtsinje wa Piusa. Sindikunyoza, ndinakukwatira ndikudziwa kwanu. Koma mvera. Malire enieni a mtundu wathu wa Aseto ndi mtsinje umenewo, ndipo sanajambulidwe ndi munthu wa mu ofesi. Kwa zaka mazanamazana tsidya lanu linali la mabwana Achijeremani, makolo ako ankawalimira ndi kupemphera atakhala pa mabenchi m'tchalitchi cha Lutera. Tsidya lathu linali la Arasha a ku Pskov ndi amonke a ku Petseri, ife tinkapemphera chiimire, m'chinenero chimene sitinkachimva. Arasha ankatitcha anthu a chikhulupiriro chatheka. Akwanu ankatitcha Arasha. Mu 1920 pangano la ku Tartu linatiika tonse m'dziko la Estonia, ndi mzinda wa Petseri womwe, ndipo chaka chotsatira alembi anabwera kudzatigawira maina a mabanja ngati akugawa nsapato, kaya zikukwana kaya ayi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ikutha, a ku Moscow anadula mzindawo n'kuupereka ku Pskov. Palibe anadandaula, boma linali limodzi, mzerewo unali chikwangwani chabe cha pamsewu chimene ana tinkachigenda. Ufulu utabwera chikwangwani chija chinamera ngalande, mizati ndi agalu. Poyamba ankatilola kuwoloka pa masiku a tchalitchi. Chaka chatha anatseka ndi kampata komweko, ati viza. Mzinda wathu, msika wathu, manda athu, zonse zatsala uko. Boma lathu lomwe silifuna kuutcha malire, limati mzere wolondera. Ndiye ine ndizolowere chinthu chimene eni ake akuchita nacho manyazi kuchitchula dzina?

Ndikugwira ndi mnyamata wina wa ku Pärnu, Margus, wa pakamwa ngati chitseko cha sitolo. Dzana tili padenga anakuwa:

"Ivan, taponye misomali!"

"Dzina langa ndi Vello."

"Aa, nanga kwanu si ku Rasha? Paja inu ndi aja mumadyera pamanda ngati akhwangwala?"

"Timadya ndi akufa athu chifukwa anatidyetsa ali moyo. Inu mumawaikira maluwa apulasitiki kuti musavutike kubweranso."

"Ehe, apulofesa alankhula! Apulofesa, misomali ija."

Anamva kuti ndinakhala zaka zinayi ku yunivesite n'kutuluka wopanda pepala, ndiye dzina lapezeka. Ndinayenda wapansi ngodya zonse khumi ndi ziwiri za dziko lathu la Aseto, mudzi ndi mudzi, kufunsa nkhalamba kumene ngodya yawo imathera, ndipo mphunzitsi wa ku yunivesite amene sanapondeko ku Petseri anandiuza kuti zonsezo ndiziike m'munsi mwa tsamba, m'zilembo zazing'ono. Ndinatenga chipewa changa. Unalipo, ukudziwa, ndipo ukudziwanso zimene unanena tsiku limenelo.

Udzu ukauma musaunjike pafupi ndi khoma la sauna, kanyumba kathu kosambira ndi nthunzi, chaka chatha unavunda. Denga la khola ndidzakonza ndekha, musalipire munthu. Amayi azimwa mankhwala a mtima aja, ngakhale anene kuti amanunkha ngati mphaka.

Ku tawuni sindipitapita. Miyezi itatu ya mlendo inatha, ndipo apolisi a kuno amafunsa mafunso awo mwaulemu kwambiri. Reijo akuti pepala la ntchito lili m'njira. Amayi usawauze.

Vello

Lahti, 26 Ogasiti 2001

Leili,

Moni kwa iwe, kwa amayi ndi kwa Kaja. Ine thupi lili bwino. Kalata yako ndaiwerenga kawiri, kachiwiri nditakhala pansi.

Unachita bwino kuwatengera amayi ku Obinitsa pa tsiku la tchalitchi la Paasa. Sindikutsutsa. Munthu amene watsekeredwa njira ya ku manda a kwawo aoneko anthu. Ndikudziwa mmene kumakhalira: nsalu pa mtumbira uliwonse, maapozi atsopano, tchizi, mikate ya kabichi, aliyense akukoka mnzake kuti tabwerani mulawe kwa athu. Koma walemba kuti amayi anayang'ana zonsezo n'kunena kuti, "Taona mmene akudyera anthu awa. Leili, ine udzandiike pompano, pafupi ndi kanjira, odutsa azindiponyerako." Ndipo walemba ngati ndi mawu a pa bedi la imfa, pamaso pa wansembe.

Amayi ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu. Anaima pa manda angati, ndipo pa manda aliwonse anawapatsa kapu ya chiyani? Munthu akalawa kachasu wa mabanja asanu amatha kupempha kuti adzamuike ngakhale pa siteji ya basi. Ku Obinitsa kuli yani wawo? Atate awo, amayi awo, ana awo awiri amene anamwalira ine ndisanabadwe, onse ali ku Taeluva. Amuna awo ali ku Taeluva. Ku Obinitsa adzakhala ngati mlendo wa pa ukwati amene palibe akudziwa kuti waitanidwa ndi mbali iti.

Ndikudziwa kuti kwa iwe kumeneko n'kwapafupi, njinga imafika. Sindikunena kuti unawaika mawu m'kamwa. Ndikungoti munthu amamva bwino mawu amene akumupeputsira katundu. Ndipo uzindikire ichi: Mseto aliyense amene aikidwa mbali ino pamene malo ake ali mbali ija, ndi dzina limodzi losainira kuti mzere uja ndi malire. Atisainitsa zambiri. Amayi anga sasaina.

Ndatumiza mamaka mazana asanu ndi limodzi. Kaja umugulire nsapato za sukulu zachikopa, osati zija za pamsika zimene zimatseguka kukamwa mvula yoyamba. Mbatata mukumbe isanayambe mvula ya Sepitembala, Endel athandize, amadya kwathu kokwanira. Buledi wakuda kuno ndi mamaka khumi ndi awiri ndipo amakoma ngati lamba wa thalauza.

Nyumba ya dokotala tamaliza. Tsopano tikugona m'chipinda cha pansi cha nyumba ina imene tikugwetsa makoma ake. Si koipa, koma ukamatumiza kalata uzilemba dzina la Reijo pa envelopu, osati langa.

Vello

Lahti, 4 Novembala 2001

Leili,

Ndili moyo, kaya inu. Usadabwe ndi zilembo zopendamazi, ndikulemba ndi dzanja lamanzere. Si nkhani yaikulu, macheka. Kuchipatala amafunsa nambala imene ndilibe, ndiye anandimanga mkazi wa Reijo, amene kale ankasamalira ng'ombe. Pakali pano ndikusesa ndi kunyamula zinyalala. Malipiro a wosesa ukuwadziwa, ndiye mwezi uno musayembekezere dalaivala.

Lachinayi ndinaimba pa foni ya a Heino. Iwe unali kokama, anapita kukaitana amayi. Ndikulembera mmene zinayendera kuti usadzati ndinabisa.

"Ndani?"

"Ndine Vello, amayi."

"Vello wake uti? Wanga uja anapita kukafolera nyumba za eni, yake ikudontha."

"Amayi, za ku Obinitsa zija munkangoseka eti?"

"Ndiseke ndi yani? Tandiuza iwe wophunzira. Itatha Pasaka, tsiku lokadya ndi akufa, ndani anadya ndi atate ako?"

"Azakhali a Vera."

"Vera sadzuka pampando popanda womukoka. Nanga tsiku la Maria? Palibe. Tsiku ndinapita lija ndinapeza udzu wofika m'chiuno, ndinazula ndi manja angawa. Mbali yonse ya anthu athu inali zii. Nsalu zoyalidwa zinali zowerengeka, ndipo oyalawo onse ndi a msinkhu wanga. Ine njala ndinaiona nthawi ya nkhondo, mwana wanga. Ina ya pansi pa nthaka sindikuifuna."

"Ndiye atate muwasiye okha?"

"Atate ako ankadya okha ali moyo, atatembenukira ku wailesi. Anazolowera. Leili akamandibweretsera ndizikawagawirako. Pansipo kulibe asilikali."

"Ine ndinawalonjeza, amayi."

"Unalonjeza ndi thupi la yani? Unandifunsa?"

"Leili si Mseto. Mwambo saudziwa."

"Amene wandisambitsa mu sauna chaka chonse chino ndani? Tchizi akupanga choposa changa, koma usakamuuze, angayambe matama. Nanga iwe Mseto weniweniwe, udzabwera liti ndi mazira ako?"

Khadi la foni linathera pamenepo.

Ndiye wamva, ndipo za tchizizo wamvanso. Ndikuvomera kuti mawu aja ndi awo, si ako. Koma maganizo anga ali pomwe anali. Akulankhula ndi mantha a munthu wodwala m'nyengo ya mdima. Amayi amene ndikuwadziwa ine ndi aja anatsika m'ngalande ndi dengu m'manja. Amenewo ndiwo ndidzawamvera. Viza si phiri, anthu akuipeza. Ine ndikadzabwera ndidzapita ku Taeluva pa tsiku lililonse la tchalitchi, ngakhale ndigone pa khomo la ofesi ya kazembe.

Nkhuni zikwana? Muyambe ndi za mkungudza zili kuseri, zouma bwino musunge za Januwale. Nkhumba muphe chisanu chikakhazikika, mwendo umodzi mupatse a Heino chifukwa cha foni ndi thirakitala. Kaja ndamva kuti akuphunzira kuimba ndi azimayi a ku Meremäe. Aziimba m'Chiseto chenicheni, osati chija cha pa siteji chosangalatsira alendo a makamera.

Vello

Lahti, 20 Januwale 2002

Leili,

Moni. Dzanja lapola, zala ziwiri sizipinda koma hamala ndikugwira. Ndamva kuti amayi sakudzukanso, ndi kuti wawasamutsira pafupi ndi ng'anjo. Wachita bwino. Wansembe abwere akadali kuzindikira anthu.

Kuno mamaka atha, kwabwera ndalama yatsopano ya yuro. Anthu akuyenda ndi nkhope ngati aferedwa, akuwerengera zala pa sitolo. Margus anafunsa mayi wina wogulitsa kuti akulira chiyani, iye n'kuti ndalama yawo inali ndi zaka zoposa zana. Ndinangoti dziko lodala, limene chotayika chake chachikulu ndi pepala.

Tsopano mvera bwino, ndipo usadikire kuti zichitike kaye. Pita ku Tartu sabata ino ukapemphe viza yako ndi ya Endel. Sindikumufuna, koma galimoto yolowa bokosi ili ndi iye yekha. Unene zoona, kuti ndi za maliro amene akuyandikira. Tsikulo likafika, kalata ya dokotala ikamasuliridwe m'Chirasha ndi kudindidwa, apo ayi pa Koidula akubwezani ndi bokosi lomwe. Azakhali a Vera ndalankhula nawo. Apeza amuna awiri okumba, ndipo poti nthaka yauma gwa, adzayamba akoleza moto pamalopo kuti ifewe. Muwaveke diresi loyera lalitali limene lili pansi m'bokosi la zovala, analisoka okha, ndi mpango wa mizere yofiira. Ndalama ndatumizazi ndi zonse zimene ndinali nazo. Usagulire china.

Wafunsa ngati ndibwera kudzawaona. Ndikatulukira pa doko adzaona m'pasipoti chidindo cholowera cha Malichi chaka chatha, khomo la kuno lidzanditsekekera, ndipo zimene Reijo akundisungira zidzatsala kwa Reijo. Ndiye tidzadya chiyani, mapu anga? Uwauze amayi kuti nyanja yaundana, zombo zikuvuta. Si bodza lonse.

Walemba mzere umodzi kumapeto, kuti anakugwira dzanja n'kukuuzanso zomwe zija. Ndauona. Ine ndi mwana wawo, ndipo ndanena.

Vello

Lahti, 3 Malichi 2002

Leili,

Kalata yako yafika pamodzi ndi chithunzi. Ine ndili bwino. Kaja asamavale kajekete kopyapyala kaja pa chisanu chotere, ndamuona pachithunzipo.

Mwawaika ku Obinitsa. Walemba kuti viza inali isanatuluke. Kenako walemba kuti ngakhale ikanatuluka ukanachita chimodzimodzi. Mawu oyambawo akanakukwanira, ndipo sindikanadziwa kanthu. Sunabisale kuseri kwa ofesi. Chimenecho ndachiona. Zina zonse sindilemba, pepala ndi lochepa ndipo dzanja limatopa.

Akuti anthu anabwera ambiri, ndipo azimayi a ku Meremäe anawalira m'nyimbo monga kale. Akutinso Endel ananyamula nawo bokosi atavula chipewa. Umuthokoze m'dzina lako.

Mtanda wa mtengo umene mwaikawo ukhale womwewo. Mwala usagule, simenti usathire, mpanda usamange. Ali pamenepo mongodikira. Mzere uwu ndi wa dzulodzuloli, ndipo mizere ina yotere tinaiona ikubwera ndi kupita pamene Piusa akuyenda pomwe ankayenda. Tsiku lina ngalande ija idzakwiririka, kapena mapepala adzafewa, ndipo ndidzawanyamula ndekha kupita nawo kumalo kwawo. Ndalama za viza zija usunge, zidzagwira ntchito imeneyo.

Nsalu imene wapachika pa ngodya ya zithunzi za oyera mtima isachotsedwe mpaka tsiku la makumi anayi, mzimu umapumira pamenepo. Tsikulo uphike nsawawa ndi uchi, ndizo zoyamba kulawa, aliyense katatu. Pamanda chikho choyamba ndi chawo. Woitanidwa asakane ndipo wodutsa asapitirire osalawa. Mwina anakuuza kale zonsezi. Mbale yasiliva ya pachifuwa ndi mikanda yake ndi za Kaja. Ogula zakale akabwera, galu amasulidwe.

Tsiku la maliro sindinagwire ntchito. Ndinapita ku manda ena a kuno, oyera ngati chipatala, mizere yowongoka. Ndinapeza mwala wa mayi wina wobadwa chaka chimodzi ndi amayi. Ndinachotsa chipale, ndinayala mpango, n'kuikapo buledi, dzira ndi kabotolo. Ndisanamalize dzira kunabwera wosamalira manda ndi fosholo.

"Bambo, kuno si komwera."

"Ndikudya ndi amayi anga."

Anawerenga mwala uja, n'kundiyang'ana. "Awa ndi amayi anu?"

"Ayi. Ndabwereka."

Anali munthu wosafuna mkangano. Kenako anati, "Nyenyeswa zimaitana makoswe. Munyamuka nokha kapena ndiitane apolisi?"

Ndinapinda mpango. Theka la dzira ndinalikankhira pansi pa chipale iye akuyang'ana kumbali.

Denga la khola lisadikirenso ine. A Heino akonze, tidzawerengerana.

Vello

Lahti, 26 Meyi 2002

Leili,

Moni kwa iwe ndi Kaja. Ine ndili bwino, tabwereranso padenga. Reijo wandipatsako zina, dalaivala akubweretsera Lachisanu.

Ndamva kuti itatha Pasaka munakayala nsalu, iwe ndi Kaja, ndipo anthu a manda oyandikana anabwera kudzalawa tchizi chako mpaka chinatha. Ndamvanso kuti Endel, wa tchalitchi cha mabenchi, anadya mikate ya kabichi yochuluka kuposa Mseto aliyense pamandapo. Amayi ayenera kuti anamuwerengera.

Ndalama zikafika, uphatikize ndi za viza zija, upite ku Võru kwa osema miyala. Usankhe mwala wakuda, wosanyezimira. Alembe Nasta, monga ankaitanidwira, osati Anastasia wa m'mapepala. Mtanda ukhale wathu wa mipiringidzo itatu, ndipo ukaime pomwepo akamasema, chifukwa anthu akwanu amaiwala wapansi wopendekawo kapena amaupendeketsa mbali yolakwika. Pansi athire simenti yokwanira, nthaka ya kumeneko ndi mchenga. Pambali pakhale kabenchi ndi katebulo kachitsulo, kuti usamagwade ndi mawondo akowo. Ufunsenso wansembe ngati malo a kumanja kwawo ali ndi mwini.

Mbatata mwabzala mochedwa, koma zimera. Kaja apitirize kuimba. Za kubwera kwanga tidzakamba nyengo ya udzu ikatha.

Mwamuna wako,
Vello

Kuti usadabwe za mwalawu. Lachitatu linali tsiku la Migula. Mnansi anawanyamula azakhali a Vera pa galimoto mpaka ku Taeluva, ndipo ndinawaimbira atabwerako. Mpanda wa atate ulipo, utoto wokha ndi umene wasupuka. Mkati mwake muli mitumbira iwiri. Mu Epulo anaikamo mwamuna wina wa ku Pskov.